Khutu Lakumanzere Lafa, Amayi

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumene muliko? Ndine Rosa wanu, ndikulemba ndili kuno ku Beira, komwe ndikuphunzira kukonza mamotolo, ndiye kuti mainjini a ndege.

Ndiyambe ndi za kwathu ku Mualadzi. Achemwali a Joana anachira, mwana wamkazi, ndipo anamutcha dzina lanu. Akuti mphuno ndi yanu yomwe ija. Koma chimanga chaka chino ayi ndithu, mbozi zinadya munda wanu wakumtsinje mpaka nkhokwe sinafike ndi pakati pomwe. Achimwene a Tomasi tsopano amapalasa njinga mpaka ku Cassacatiza kukagulitsa tomato kwa a magalimoto. Onse maso ali pa ine, akuti ndikamaliza maphunziro njala ithawa pakhomo.

Ntchito ndimaidziwa, Amayi, musakayike. Motolo ndimautsegula, kuusuzumira ndi tochi, kumanga bawuti iliyonse, imene kuno amati parafuzo, ndi waya kuti isamasuke m'mwamba. A mesitiri, bambo wachikulire amene amatiphunzitsa, anandiyamikirapo manja anga. Koma khutu langa lakumanzere lafa.

Tikamaliza kukonza motolo timauliza ndege ili pansi. Phokoso lake simunalimvepo, limagwedeza mano ndi m'mimba momwe. Aliyense amavala zotseka makutu, ndipo amalankhulana ndi manja basi. Koma ine ndinakulira m'manja mwanu. Paja munkati, “Wamkulu akamayankhula, chotsa chili kumutu, tchera khutu.” Ndiye a mesitiri akangonditembenukira milomo ikugwedezeka, manja anga ankathamangira okha kuvula zotsekazo, ine n'kuweramira kwa iwo, khutu lakumanzere litaloza kumotolo. Kuyang'ana munthu wamsinkhu wa atate anga nditatseka makutu kunkandichititsa manyazi ngati ndawatukwana. Anandikalipira kangapo, anzanga n'kumandiseka kuti ndine wa kumudzi. Ndinkavala, mawa lake n'kuvulanso osazindikira. Munkatinso wakutsina khutu ndi mnansi. A mesitiri ananditsina ndithu, ine ndiye sindinamve.

Khutulo linayamba ndi kulira ngati nyenje za m'chilimwe. Pano lili zii. Munthu akandiitanira mbali imeneyo ndimangodutsa, ena ayamba kunena kuti ndayamba matama.

Mwezi wamawa kukubwera dotolo wotiyeza maso ndi makutu tisanalembe mayeso omaliza. Wogontha samulola kuyandikira ndege, chifukwa pabwalo paja ukapanda kumva chenjezo umafa kapena kuphetsa anzako. Akandibweza, ndibwerera ku Mualadzi chimanjamanja, kukawonjezera kamwa pa nkhokwe yosafika theka ija. Achemwali sindinawauze, ali ndi khanda. Ndili ndi mantha, Amayi, ndipo masiku ena ndimakukwiyirani. Inde, ndanena. Kenako ndimalira, chifukwa munandiphunzitsa ulemu kuti ndikhale bwino ndi anthu, ndipo motolo wa ndege simunauonepo.

Mzanga wina akundinyengerera kuti poyezedwa ndizingokweza dzanja mongoganizira, mwina dotolo sazindikira. Ndakana. M'ndegemo mumakwera ana a anthu.

Kaya ndikhoza kaya andibweza, pa tsiku lokumbukira akufa ndibwera ndi khasu kudzalambula pamanda panu, ndikulonjeza. Ndidzavula mpango, ndidzagwada monga munandiphunzitsira. Ngati mudzakhale ndi mawu oti mundiuze, chonde mudzaime mbali yakumanja.

Ine mwana wanu wokukondani,
Rosa