Apongozi Anandikankha ku Woodlands

Kabwata, Lolemba

Achimwene ba Yosefe,

Muli bwanji ku Kitwe? Kuno tili bwino, chifuwa cha amayi chatha.

Mu Juni munandiuza kuti batire la njinga yanga yamoto latha. Sindinagule lina, ndinkangothiramo madzi n'kumaimika njingayo pamtsetse. Loweruka ndinapita kwa apongozi ku Woodlands, komwe kulibe mtsetse. Potsanzikana, njinga inakana kulira. Apongozi aamuna, amene sindiwayang'ana n'kumaso komwe, anavula jekete nati, "Kwerani, bambo a Tisa, ndikukankheni." Anandikankha mpaka geti lachitatu akupuma movutikira, alamu anga akuseka. Italira sindinaime kuti ndithokoze, poopa kuti izima.

Kumeneko sindipondakonso ndisanagule latsopano. Likugulitsidwa K650, ndili ndi K410. Ngati mungathe, ndithandizeni K240 yotsalayo.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Lazaro