Muvi wa pa Khoma la ku Shangdok

Lamlungu, 4 mwezi wa Kartik

Chikwangwani nambala 27 chaima. Chowongoka ngati msilikali. Zatsala zinayi basi, ndiye njira yonse yatha, kuyambira pa mlatho mpaka pa mpata wa phiri. Ine Kesang yemweyu, amene ku ofesi ankati manja ake ngofewa.

Manjawo lero matuza atatu. Penti wobiriwira mpaka m'tsitsi.

A Sherchan, bwana wathu wa ku ofesi, abwera Lamlungu likudzali ndi tepi yawo yoyezera. Oyesedwa tilipo atatu, ine, Sarita ndi Prabin, aliyense njira yake. Malo amodzi. Wopambana ntchito yokhazikika ku ofesi yoyang'anira mapiri, enawo kwawo kukapalira mbatata. Sindikuopa ngakhale pang'ono. Sarita amasakaniza simenti ngati tiyi. Prabin buku la malamulo a zikwangwani amaikapo foni. Ine bukulo ndinalimeza lonse. Chobiriwira: oyenda pansi ndi nyulu zokha. Chabuluu: njinga zamoto zololedwa. Chachikasu: jipi zomwe. Kutalika mita imodzi ndi theka, mapazi awiri kuchokera m'mphepete mwa njira, chidindo cha boma pakona. Wina andidzutse kutulo, ndimuuza ndi tsamba lomwe.

Karchung dai (dai kuno ndiye achimwene), mwini nyulu zondinyamulira mizati ndi simenti, lero wandiseka tsiku lonse. Munthu wamkulu, imvi mbuu, koma pakamwa ngati wailesi. Ine amanditcha bahini, ndiye kuti mchemwali wamng'ono. Akuti, "Bahini, nyulu zangazi zayenda njira ino zaka makumi awiri osawerenga. Ndiye tsopano ndikazilembetse sukulu?"

Mawa Shangdok. Sindinafikeko, ngakhale kuchokera kwathu ndi masiku awiri okha.

Lolemba, 5 Kartik. Shangdok

Mphepo. Fumbi m'mano. Nyumba khumi ndi zisanu ndi imodzi, nkhuni zounjika pamadenga, maapulo oduladula akuuma padzuwa.

Polowa m'mudzi pali khoma la miyala ya mapemphero, lalitali, ndinawerenga mapazi makumi asanu ndi limodzi. Njira imagawika pamenepo, ina kumanzere ina kumanja, n'kukakumananso kutsogolo. Tsamba 14: pa khoma la mapemphero muvi uloze kumanzere, kuti wodutsa khomalo likhale kudzanja lake lamanja. Izi ndiye ngakhale popanda buku. Ndili ndi zaka zisanu amayi anandikoka khutu anthu akuona chifukwa ndinadutsa mbali inayo pothamangitsa mbuzi. Khutulo limakumbukabe.

Ndiye muvi kumanzere. Waukulu, woyera, wakuthwa bwino. Wokongola kuposa mivi yanga yonse.

Karchung dai anayamba, "Bahini, kunotu..." Ndinati tsamba 14, dai. Anayambanso. Ndinati dai, inu nyulu, ine buku, tisasokonezane. Anangokweza mapewa n'kumanga katundu. Kenako anadutsitsa nyulu zake zonse kumanja, patsogolo pa chikwangwani changa chosauma n'komwe. Kundiputa dala. Ine ndinadutsa kumanzere, mutu m'mwamba.

Anthu anabwera ambiri kudzaonerera. Onse chete. Mwina sanaonepo chikwangwani cha chidindo.

Tafikira kwa Ama Bhuti, ali ndi nyumba ya alendo ya zipinda zitatu. Andithirira tiyi wa batala katatu. Za chikwangwani anangoti penti wake ngwabwino.

28 chatha. Zitatu.

Lachiwiri, 6 Kartik

Achizula.

Kutsegula chitseko m'mawa, chikwangwani changa icho chagona pakhomo, chofunditsidwa bulangete kuti chisakandike. Kumzati apala bwinobwino. Kupita ku khoma, dzenje akwirira, asesa ndi pomwe. Mbava yanji yaulemu chonchi?

Ndinadziwa pompo. Wangdu, mkamwini wa Ama Bhuti, ali ndi njinga yamoto yofiira, chithunzi chake chili pakhoma m'chipinda chodyera. Chobiriwira ndiye kuti njinga isalowe. Ndinamupeza akusenda mbatata ndipo ndinamuthira zonse, lamulo, chilango, tsamba lake, ngakhale mawu achingerezi ena kuti aope. Anandimvetsera mpaka kumapeto, mpeni uli m'manja, n'kundiuza kuti njingayo imagona ku mlatho chigulireni, chifukwa kuchokera kumeneko kufika kuno pali masitepe mazana atatu.

Masitepe omwewo ndinakwera dzulo ndikutukwana.

Chabwino, si iyeyo. Koma wina wazula ndithu. Ndachibwezera, simenti kawiri kuposa dzulo, miyala ikuluikulu pansi. Azule ndione. Masana 29 ndi 30 kumtunda kwa mudzi, zonse bwino. Karchung dai lero sanandiseke ngakhale kamodzi. Akudwala kapena?

Lachitatu, 7 Kartik

Pakhomo kachiwiri. Bulangete lomwelo. Ulendo uno ndi maapulo awiri pambali.

Sindinadye. Ndinakakhala pamwala pafupi ndi khoma kuti ndione nkhope za anthu, wolakwa amaoneka. Anayamba azimayi a madengu opita kumunda. Kumanja. Ana a sukulu. Kumanja. Bambo wina ndi ng'ombe yake yaubweya. Kumanja. Mdala wina ndi kachiwiya kake kamapemphero kozunguza m'manja, ndipo kakuzungulira chobwerera. Ndinati mudzi wonse wagwirizana kundinyoza eti. Kenako ndinayang'ana miyalayo bwinobwino, koyamba. Malemba ake si athu aja.

Ndi a Bon. Mudzi wonse ndi wa chipembedzo cha Bon. Iwo amazungulira chobwerera, khoma limakhala kumanzere kwawo.

Ndipo ndimadziwa! Kalasi 9, mzere umodzi m'buku, funso lake linabwera pa mayeso ndipo ndinakhoza. Ndinakhoza ndithu.

Ama Bhuti sanabise. Amazula ndi iwo, mothandizidwa ndi mlamu wawo, m'mawa ine ndisanadzuke. Ananena akupukuta makapu, osakweza mawu. "Mlendo akadutsa mbali yake timangomusiya, aliyense ndi miyendo yake. Azungu ena amakwera ndi pamwamba pomwe kukajambula. Koma ichi chili ndi chidindo, mwana wanga. Ndiye kuti boma laima pakhomo pathu n'kumauza ana athu kuti makolo awo amayenda molakwika." Akuti ndikaimika kakhumi azula kakhumi, ndipo bulangete sadzaiwala, poti ndi katundu wa boma.

Ndinafunsa Karchung dai chifukwa chake sanandiuze. Akuti, "Ine nyulu, bahini." Iyeyo amapemphera ngati ife, kwawo amadutsa kumanzere, koma akafika kuno amayenda mwa eni ake chifukwa amadya kwa eni ake.

Maapulo aja ndadya onse awiri. Njala ilibe manyazi.

Lachisanu, 9 Kartik

Dzulo sindinalembe. Ndinakwera ola lathunthu kukafika pamwala pomwe foni imagwira.

A Sherchan anamvetsera mwina theka la miniti. Akuti buku ndi buku, linalembedwa kulikulu, silinalembedwe ndi iwo. Zikwangwani 31 zifanane, mlendo asamaime n'kumaganiza. Chikasowa, ziro. Muvi ukasiyana ndi tsamba, ziro. Akuti, "Kesang, ndinakutuma penti, sindinakutume zaumulungu." Ananenanso kuti Prabin wamaliza kale. Prabin!

Ndinaimbiranso amayi, kulakwitsa. Akuti anthu amenewo amawadziwa, ndi abwino koma ndisawatsatire, ndipo ndisataye ntchito chifukwa cha miyala ya eni. Anafunsanso ngati ndikuvala mpango.

Karchung dai wabwera ndi nzeru yake. Akuti tichiimike Lamlungu m'mawa, muvi kumanzere, abwana ayeze, ajambule, adye mpunga, atsike. Akangopotoloka pa masitepe, tizule. Akuti aliyense amatero, iyeyo ananyamulapo thanki ya madzi imodzi kuipititsa midzi itatu kuti ijambulidwe. Wakamba kale ndi Ama Bhuti, akuti theka la tsiku angapirire, azidzangoyang'ana kumbali.

Zophweka. Ziro palibe, mkangano palibe, ntchito yanga.

Koma chithunzicho chikalowa m'faelo. Chaka chamawa wina adzabwera, adzapeza 28 palibe, adzalemba kuti anthu a ku Shangdok amaononga katundu wa boma, adzaimika chachitsulo, muvi kumanzere. Ndipo pansi pa faeloyo dzina langa. Komanso Ama Bhuti kuyang'ana kumbali pakhomo pawo pomwe chifukwa cha ine, munthu amene anandifunditsira chikwangwani.

31 chaima lero pa mpata. Kozizira koopsa, penti kuuma m'burashi. Sindinasangalale n'komwe.

Loweruka, 10 Kartik

Ndapenta.

Muvi wakale ndaufafaniza ndi wobiriwira kawiri, ndinadikira uume, ndajambula watsopano. Kumanja. Kutalika ndayeza katatu, mtunda kuchokera m'njira katatu, chidindo chili pamalo pake. Akapeza cholakwa apeze chimodzi chokha, chimene ndachita dala.

Pa fomu pali kabokosi kolembamo zosiyana ndi buku. Sindinaonepo munthu atalembamo. Ndalembamo mpaka mawu asefukira m'mbali, ndasaina. Karchung dai akuti ndadzikumbira dzenje labwino, lakuya mofanana ndi tsamba lake.

Dzenje lenilenilo anakumba Wangdu, osamupempha. Ndinapepesa za Lachiwiri. Akuti palibe kanthu, waphunzirapo chingerezi.

Chovuta chinali kubwerera. Ndinaima pamphambano ndi chitini cha penti, muvi wanga womwe ukundiuza kumanja, miyendo kukana. Zoonadi, kukana. Ndinkangomva ngati ndikufuna kuponda munthu. Ama Bhuti anatulukira ndi dengu la nandolo kumsana, anangonditengera chitinicho n'kutsogola. Penti wa boma akupita, ndikanatani? Ndinawatsatira. Mapazi makumi asanu ndi limodzi. Thambo silinagwe.

Amayi sindiwauza.

Mawa. Ndachapa malaya abwino aja. Ndikudziwa kuti ndachita bwino.

Lolemba, 12 Kartik

A Sherchan anafika dzulo cha m'ma 11, thukuta kamukamu, masitepe atawamaliza mphamvu. Kuyambira 1 mpaka 27 anali atachonga kale m'njira, popanda cholakwa. Pa 28 anaima.

Mudzi wonse mwadzidzidzi unali ndi ntchito pafupi ndi khoma. Wina akukonza dengu losathyoka. Wina akufuna mbuzi imene ili pambali pake.

Anatulutsa tepi. Kutalika, bwino. Mtunda, bwino. Anakanda pansi pa mzati ndi nsapato, bwino. Anawerenga kabokosi kanga konse, mpaka anapendeketsa fomu kuti aone za m'mbali. Kenako bolopeni yofiira, ziro wamkulu pa 28, ine ndikuona. Ndinasowa poyang'ana.

Ndiye anayenera kulowa m'mudzi kukadya. Munthu wa kwathu kumunsi uja, wozungulira kumanzere chibadwire, woti m'jipi mwake muli mikanda yamapemphero. Anayang'ana kumanzere. Anayang'ana muvi. Kumapeto kwa khoma, mbali yakumanja, Ama Bhuti ali chilili ndi ketulo. A Sherchan anapinda tepi pang'onopang'ono n'kunena, osayang'ana munthu, kuti wantchito wa boma sanganyozere chikwangwani cha boma. Anadutsa kumanja. Mofulumira ngati pali galu.

Podya sanandilankhule. Mpunga mbale ziwiri, dal, msuzi wa mphodza uja, nyama youma. Anafunsa mlamu wa Ama Bhuti kuti midzi yotere ilipo ingati kumtundaku. Itatu, ndipo yonse ili pa njira imene ofesi ikufuna kuikamo zikwangwani chipale chisanagwe. Anazunguza kapu.

Atasamba m'manja ndiye anandiitana. Ziro uja sachotsa, buku ndi buku. Pa manambala Prabin wandiposa. Koma akuti Prabin akamutumiza kumtunda uko adzabwera ndi mabulangete atatu. Ndiye njira ya kumtunda ndi yanga, kuyambira lero, ndipo dzina limene akutumiza kulikulu pa ntchito yokhazikika ija ndi langa, limodzi ndi kalata yopempha kuti tsamba 14 lisinthidwe. Kalatayo ndilembe ine. Anatenga fomu, anasaina pansi pa dzina langa m'kabokosi muja. Akuti, "Akakana, tonse awiri tikagulitsa maapulo mumzinda wa Pokhara. Iwe uzidzafuula, ine ndizidzayeza."

Ndinathawira kuseri kwa khola kukalira pang'ono. Nyulu inandiona, basi.

Lero m'mawa ndawaonetsa mzere woyamba wa tsamba latsopano: "Musanajambule muvi, khalani pansi m'mawa umodzi muone kumene eni mudzi akudutsa." Akuti amenewo si mawu a buku la boma, ndipeze ena. Ndiwasiya momwemo. Karchung dai akumenya chitseko, akuti katundu wamanga kale ndipo mtsinje masana umadzaza. Penti woyera watsala theka la chitini, mivi itatu akwana ngati sindi...