Atate Anangowagoneka ndi Mpweya

Achemwali,

Moni wochokera kuno ku komboni ya George. Tonse tili bwino, atate akuchira.

Ndikhululukireni. Pomwe ndinkatuma kondakitala wa basi kudzakuuzani ku Dedzako kuti atate awagoneka, sindinaganize kuti mumva zoti tawaika m'manda. Akuti munalira masiku atatu mpaka kumeta.

Kuchipatala anangowagoneka tulo ndi mpweya wokokera m'mphuno kuti awatsegule mtsempha wa mtima. Adokotala akuti magazi akabwerera mwadzidzidzi amatha kuvulaza mtima, monga momwe madzi amaphulitsira paipi ya pakiyosiki ikakhala youma. Mpweyawo akuti mwina umautchinjiriza.

Mtima wa atate anautchinjiriza, koma wanu ndinauswa ndine.

Atate akupempha chithunzi chanu. Chonde dikirani kaye tsitsi limere, sindinawauze.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Yohane