Phiko la Mngelo wa Bambo

14 Okutobala

Namondwe wapita. Ku manda a Colón mitengo ili lambalamba, matope mpaka pa tchalitchi chapakati. Chipata chachikulu chilipo, ziboliboli zake zitatu pamwamba osagwedezeka n'komwe. Koma mngelo wa Bambo wathyoka phiko. Ndalitola mu udzu, zidutswa ziwiri.

Bambo anga anamusema ali mnyamata, wa pa manda a banja lina la minda ya nzimbe limene linathawira kunja kalekale. Nkhope anatengera ya Amayi ali namwali. Amayi sindinawauze.

17 Okutobala

A Rigoberto, kapitawo wathu: "Ukalephera kumukonza mngeloyu, Odalys, timutsitsa asanagwere munthu." Sakulakwa. Chitsulo cham'kati chadyeka ndi dzimbiri, phewa lang'aluka.

Nthenga zina zikufunika kusema zatsopano. Nsangalabwi ya ku Italy imene anasemera mngeloyu, yobwera pa sitima kale, lero ndiipeza kuti? Magetsi kulibe. Mpunga ndi nyemba zakuda, zozizira.

25 Okutobala

Nicasio wokumba manda wandibweretsera chibenthu cha mwala womwewo, chochokera pa chipilala chimene chinagumuka. Akuti, "Mwini wake sadandaula, ndamufunsa." Chitsiru chimenechi. Khofi wa sabata ino ndimugulira ndine.

Ndatulutsa matchizulo osemera a Bambo. Nthenga zimene iwo anasema n'zopyapyala moti dzuwa limadutsa. Zanga zoyamba ngati za nkhuku yonyowa. Ndaswa, ndayambanso.

19 Novembala

Phiko lakwera! Chogwirira chamkuwa m'kati, chimenechi sichichita dzimbiri. Alendo ena amapita kukaona chipilala cha ozimitsa moto, anaima n'kumajambula mngeloyo. Ine ndili pambali, fumbi mpaka m'nsidze. Palibe anaona polumikiza. Mumzinda wonse wa miyalawu, ntchito ya bambo ndi mwana pa phewa limodzi. Ndayenda msewu waukulu mpaka pachipata ngati mwini wake.

23 Novembala

Ndabwera nawo Amayi pa njinga ya olumala. Anayang'ana nthawi yaitali. "Bambo ako anali abodza, mphuno yanga sinali chonchi." Kenako anafunsa phiko lothyokalo ndi liti. Ndinati alote. Analoza lolakwika.

Pobwerera, pafupi ndi kamanda kathu kakumpanda komwe agona Bambo, anandigwira dzanja. "Ndikadzagona pano, ine mngelo sindikufuna, ndili naye kale. Dzina lokha. Koma usapatse wina, useme iwe."

Ndinawakalipira kuti asiye zimenezo. Chibenthu cha Nicasio chinatsalako chachikulu ndithu. Ndachiyeza madzulo ano, dzina la Amayi, Eulalia, likukwana bwinobwino.