Uta umene ndinkafuna kuuwongola

Loweruka, kuno m'tauni ya Nigel. Tsiku latha bwino, ngakhale m'mawa ntchito inatsala pang'ono kundithera. Ndikungolankhula, foni izilemba yokha.

Ndikusesa m'galaja mwa abwana, ndinapeza uta wawo wautali uli wopanda chingwe. Pafupi ndi pogwirira wakhotera kwa woponya, koma nsonga zonse ziwiri zakhotera kutsogolo. Ndinati basi, wapindika ndi dzuwa uwu. Kwathu ku Mchinji uta wotere timauwamba pamoto n'kuuwongola, ndiye ndinakoleza makala.

Abwana anandipeza ndili nawo m'manja. Anakuwa, "Yohane, ayi! Anaupanga dala choncho!"

Sanandichotse ntchito. Anaukunga chingwe, kukhota konse kuja n'kubisala, kungooneka ngati uta wamba. Akuti, "Tayesa." Ndinakoka. Ee, wofewa bwino, sulimbana ndi munthu. Muvi unachoka mwakachetechete koma mothamanga, dzanja osanjenjemera. Uta wa amalume anga kwathu unkagwedeza mpaka mano.

Ndaponya mivi isanu, iwiri yalasa katoni yomwe tinaika ngati chandamale. Akuti kuyambira lero wouyang'anira ndine. Koma liwiro lija limachokera kuti? Ndikuganizabe. Mwina poti nsonga zija, ukazikoka, zimalimbikira kubwerera kumene zinali...