Mapilitsi a BP andiyanja ine, amuna anga akutsokomola

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Kalingalinga, ndimagulitsa zovala zakale za salaula. Amuna anga, ba Wilbroad, ndi kalipentala, amakhoma mabedi ndi mipando m'mbali mwa msewu. Takulira limodzi m'banja, ndipo ngakhale BP inatipeza limodzi. Ku kiliniki anatipatsa mapilitsi amtundu umodzi. Tinkamwa m'mawa pa tiyi, tikusekana kuti tasanduka mapasa.

Ine andiyanja, mutu unasiya kuwawa. Koma iwo anayamba chifuwa chouma, chokanda pakhosi, chosatha. Anakayezetsa TB, sanawapeze nayo. Makasitomala ena akawamva akutsokomola amaima patali.

Mlongo wawo, ba Maud, atabwera kudzationa anati, "Mulamu, ise pabanja pathu vamankhwala va kuchipatala sivitiyanja. Na amai benze kukhosomola chimodzimodzi." Kuyambira pamenepo ba Wilbroad anasiya mapilitsi, akumwa masamba owiritsa amene anawapatsa mnzawo. Chifuwa chatha ndithu. Ndikawakumbutsa amandigwira dzanja n'kuti, "Luyando, iwe imwa, thupi yanga yakana."

Bambo awo anafa ziwalo chifukwa cha BP yomweyi, ndipo ndine ndinkawasambitsa. Sindikufuna kudzaonanso zimenezo pa munthu amene ndimamukonda chonchi. Zitheka bwanji kuti mankhwala amodzi athandize ine n'kuvutitsa iwo?

L.M., Kalingalinga

Amayi L.M.,

Zimatheka, ndipo amuna anu sakunama. Alamu anunso alondola mbali imodzi. Mmene thupi limalandirira mankhwala ndi kuwatulutsa zimayendanso m'magazi a kumtundu, monga msinkhu ndi khungu. Pali gulu la mapilitsi a BP limene limadzetsa chifuwa chouma kwa anthu ena, ena ayi. Ngati apongozi anu ankatsokomola nawo, sizodabwitsa kuti mwana wawo atero.

Pamene alakwitsa ba Maud ndi ponena kuti mankhwala onse. Mitundu ya mapilitsi a BP ndi yambiri, ndipo wina udzawayanja.

Si kumtundu kokha. Inu mumaswera pa zovala, iwo amaswera mu utuchi ndi fungo la vanishi, pakhosi pawo pali kale pokandika. Mchere, mowa, fodya, mapilitsi a msana ogula pa kagolosale ka kantemba, zonsezi zimasintha BP ndi kagwiridwe ntchito ka mankhwala. Masamba owiritsawonso ndi mankhwala, ndipo palibe akudziwa mlingo wake.

Sabata ino pitani nawo ku kiliniki, musawatume okha. Tengani paketi ya mapilitsi ndi masambawo. Mukanene kuti chifuwa chinayamba liti, chinatha atasiya kumwa, komanso za mayi awo. Mukapemphe kuti awayeze BP ndi kuwasinthira mtundu. Pa ntchito azivala chotchinga mphuno. Kunyumba musawakalipire. Munthu wogwira mkazi wake dzanja pokana amamva akauzidwa mofatsa, choncho auzeni zimene mwandiuza ine za bambo awo. Ba Maud muwathokoze, akupatsani mbiri imene adokotala akuifuna.

Chenjezo langa ndi ili: musawapatse mapilitsi anu poyeserera. Akatupa milomo, lilime kapena nkhope, kapena mkono ukalemera, thamangani nawo kuchipatala nthawi yomweyo. Chifuwa chatha, koma BP ikadalipo, ndipo iyo sitsokomola.

Aphungu