Matabwa a Adona ndi Ndowa ya Amalume

Okondedwa amayi,

Landirani moni wa mwana wanu. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija achemwali ankanena pafoni lasiya kutupa, kapena mukulikokabe kupita nalo kumunda mobisa monga mwa chizolowezi chanu? Ine kuno ndilipo, kungoti ndili ndi kachifuwa kouma kamene mumve chiyambi chake m'kalata yomweyi. Amalume nawonso thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pafoni mukanandidula mawu ndisanafike pakati, ndipo sindikanakudandaulani. Nkhani ndi iyi: amalume, mlongo wanu, akubwera kumudzi mwezi uno ukatha, ndipo sakubwera kudzacheza. Ntchito yawathera, chipinda awalanda. Wachititsa zimenezi ndine.

Mukudziwa kuti amalume akhala panyumba ya adona aja kuyambira ine ndisanamere mano. Amasesa pabwalo, kudulira maluwa, kukolopa pakhonde ndi kutsegula geti. Kuseri kwa nyumbayo kuli kachipinda kawo, mmene muli bedi, wailesi, kasitovu ndi chithunzi chanu chija muli mtsikana, chopachikidwa pamsomali. Amuna a adona anamwalira kale. Mwana wawo wamwamuna, amene amakhala tauni ina, wakhala akunena kuti amalume akalamba ndipo chipindacho chikanamagwira ntchito zina. Chimene chinkawasunga amalume pamenepo chinali chimodzi chokha. Adona ankati munthu ameneyu sanawanamizepo chiyambire.

Ine, monga ndinakuuzani, ntchito yonyamula katundu ija inatha kuzizira kusanayambe. Masana ndinkangozungulira m'misewu kuwerenga zikwangwani, nsapato n'kumatha. Tsiku lina amalume ananditchulira kuti adona akufuna munthu wokonza pansi pabalaza ndi m'kanjira kopita kuzipinda. Nyumba zakale za kuno pansi sipakhala simenti ngati kwathu. Amayala matabwa olimba, olumikizana bwino, n'kuwapaka vanishi kuti aziwala. Pakapita zaka amakandika ndi kuda, ndiye amawapala ndi makina mpaka thabwa loyera lionekere, kenako n'kupakanso.

Amalume anangofunsa ngati ndikudziwa wina wa ntchito yotere. Ine ndi phuma langa lija munkandidzudzula nalo ndinayankha kuti wina wachiyani ine ndilipo. Ndinati ndinagwirapo ntchito imeneyi ndi kampani ina nditangofika kumene. Zoona zake n'zakuti ndinatsitsapo zitini za vanishi m'galimoto, basi. Amayi, inu mukundidziwa. Mukukumbukira mpando uja ndinaukhoma mwendo, umene unagwetsa alamu chagada pamaso pa alendo. Koma amalume anachoka kumudzi ndili wakhanda, za mpandowo sakuzidziwa. Anasangalala kwambiri, anavala jekete lawo la kutchalitchi n'kupita nane kwa adona kukandichitira umboni. Anawauza kuti mwana wa mlongo wawo ndi mmisiri, ndipo chikalakwika chilichonse adzayankha ndi iwo.

Adona anandiyendetsa pabalaza ponse. Anati matabwawo anayala ndi amuna awo, ndi manja awo, chaka chimene anakwatirana. Pafupi ndi zenera anandionetsa pamene vanishi anafufutika n'kunena kuti pamenepo ndi pamene malemu ankaika mapazi akakhala pampando wawo. Anandipempha kuti pamenepo ndipale mosamala. Ine ndinavomera ndi mawu okhuthala ngati munthu amene wamva zimenezo kambirimbiri. Anatisiyira makiyi n'kupita kukakhala kwa mwana wawo wamkazi kuti athawe fumbi.

Makina ndinakatenga kusitolo yobwereketsa zipangizo. Wapasitolo anandifunsa ngati ndinawagwiritsapo ntchito, ine n'kumuyang'ana ngati wandinyoza. Zonse zimene ndinkadziwa ndinaonera pafoni, pamene anthu amayendetsa makinawo akumwetulira. Ndi chimakina cholemera kuposa ine, chokhala ndi chigudumu chokulungidwa ndi sandipepa wokhakhala. Nditangochiyatsa chinandikoka ngati ng'ombe yoona khola, ine n'kulimbana nacho kuti chiime. Chinaimadi, koma chigudumu chikuzungulirabe pamalo amodzi. Nditazimitsa ndinapeza chakumba kangalande pakati penipeni pabalaza.

Sindinkadziwa kuti makinawa saimitsidwa chigudumu chili pathabwa. Pofuna kuti kangalandeko kasaoneke, ndinapala mbali zake zonse kuti zifanane nako. Potero ndinakumbanso tina. Ndinapalanso. Ndinapitiriza choncho masiku angapo, kubisa dzenje pokumba linzake, mpaka mitu ya misomali inayamba kuthetheka moto pansi pa makina. Ine ndinkati mwina zimatero.

Fumbi lake musanene. Linalowa m'makabati, m'makatani, m'makutu ndi m'mphuno, ndipo ndikalavula malovu ankatuluka ofiirira. Chophimba pakamwa ndinachivula tsiku loyamba lomwelo chifukwa chinkandibanikitsa. Amalume ankaima pakhomo atandinyamulira tiyi, akundiyang'ana monyadira, kenako n'kupita kumpanda kukauza mlonda wa nyumba yoyandikana nayo kuti m'banja mwathu mwatuluka mmisiri. Pamapeto pake pansi panayeradi, ndipo ukapayang'ana uli chiimire pankaoneka posalala. Ndinayamba kulikhulupirira ndekha bodza langa.

Tsiku lomaliza kupala ndinachoka ndikutsokomola mpaka misozi. Ndinawauza amalume kuti mawa lake ndidzachotsa fumbi lonse kenako n'kupaka vanishi. Sindinawauze kuti ndidzalichotsa bwanji, poti inenso sindinali nditaganiza. M'mawa basi inachedwa. Nditafika ndinapeza amalume atapinda thalauza mpaka m'mawondo, ndowa ili pambali, chikolopa chili m'manja, akumalizitsa kanjira kaja. Anandimvera chisoni ndi chifuwa chija, ndiye analawirira kuti andichotsere fumbi ndisanabwere. Anakolopa monga timakolopera kwathu pasimenti: kukhuthula madzi ambiri, kuthira sopo, kukwecha, n'kutsukuluza ndi madzi ena kuti pasatsale kanthu. Anati anachita kubwereza chifukwa madzi oyamba anada kwambiri.

Amayi, panali pokongola. Matabwa onyowawo anafiira bwino, mizere yake yonse ikuonekera. Ndinawathokoza amalume n'kuwauza kuti andipeputsira ntchito. Mawu amenewo anatuluka pakamwa panga, ndipo ndimawamvabe. Dzuwa litapendeka ndinagwira pansi ndi chikhatho, ndinamva pamwamba pouma, ndipo ndinatsegula chitini. Vanishiyo ndinapaka mokhuthala kuti ndisachite kubwerezabwereza, kenako ndinatseka mazenera onse kuti fumbi la kunja lisalowe.

Thabwa lopalidwa kumene limamwa madzi ngati chinkhupule. Zimenezi ndazidziwa tsopano. Madzi aja analowa m'mipata n'kukakhala kunsi, ine n'kuwatsekera ndi vanishi pamwamba. Titatsegula patapita masiku, fungo linatibweza pakhomo. Vanishi anali asanaume, ankamata kunsapato, ndipo anachita mawanga oyera mbuu. Thabwa lililonse linapindika m'mbali moti kuyendapo kunali ngati kuyenda pamalata. Pamsomali uliwonse panali banga lakuda. Pafupi ndi zenera, paja pa mapazi a malemu, matabwa anakankhana n'kudzuka, ndipo chitseko cha pakhonde chinakana kutsekuka.

Amalume anavula chipewa, anagwada, n'kuyamba kukanikiza thabwa lodzukalo ndi manja awiri kuti libwerere. Likabwerera apa linkadzuka apo. Ndinachita kuwagwira pamkono kuwadzutsa.

Adona anabwera ndi mwana wawo wamwamuna uja, ndipo iyeyo anaitana mmisiri weniweni. Munthuyo sanakalipe. Anayendayenda, anazula thabwa limodzi n'kuliyang'ana m'mbali. Ananena kuti zikanakhala za madzi zokha zikanatheka, bola kutsegula mazenera, kudikira kuti matabwa aume, n'kupalanso. Koma anati wopalayo anadya thabwa mpaka pamisomali, palibenso chotsala choti munthu n'kupala, ndipo vanishi wopakidwa pathabwa lonyowa ndiye anamalizitsa zonse. Anati pansi ponsepo m'pofunika kuzula.

Adona anakhala pampando wa m'khitchini, ine sanandiyang'ane n'komwe. Anafunsa amalume funso limodzi lokha, ngati ankadziwa kuti ine ntchitoyi sindiidziwa. Apa ndi pamene ndinatsegula pakamwa, mochedwa. Ndinati amalume sankadziwa kanthu, ndinawanamiza ndine, ndipo makinawo ndinali ndisanawagwirepo chibadwire. Amalume anandiletsa pamaso pa onse. Anati mwanayu akungofuna kuwateteza, ntchito yake inali yabwino, anaiona okha ndi maso awo isanathiridwe madzi, ndipo madziwo anathira ndi iwo popanda wowatuma.

Mwana wa adona anaseka pang'ono. Anati ndiye kuti mmodzi mwa awiriwa akunama, ndipo kwa iye zilibe kanthu kuti ndi uti. Adona anangoyang'ana paja padzuka matabwa, nthawi yaitali. Mawa lake anatuma mwana wawoyo kudzanena kuti amalume apereke makiyi mwezi ukatha.

Ndinapempha kuti ndionane ndi adona ndiwagwadire, anakana. Ndayesa kuwafunira amalume ntchito kwina, koma aliyense akaona imvi amati adzatiimbira. Kumene ndikugona ine tadzazana kale m'chipinda chimodzi, eni nyumba sangalole wina. Amalumewo akuti atopa, akufuna kwawo. Sabata yatha ndinapita kukawathandiza kumanga katundu. Zaka zonse zija zakwana m'sutikesi ndi katoni. Chithunzi chanu achikulunga m'thaulo. Wailesi apatsa mlonda uja. Jekete la kutchalitchi andipatsa ine, akuti mmisiri azioneka bwino pokafuna ntchito.

Chimene chikundidya mumtima ndi chimenechi, amayi. Ndawauza mobwerezabwereza kuti sindine mmisiri. Ndawauza za zitini zija, za kangalande ndinabisa kaja, ndawakumbutsa zimene ananena mmisiri weniweni iwo ali pomwepo. Amangondisisita paphewa n'kunena kuti ndili ndi mtima wabwino ngati mayi anga, koma ndisadzinyoze pofuna kutonthoza nkhalamba. Akuti anaononga tsogolo la mwana wa mlongo wawo ndi ndowa ya madzi, ndipo sakudziwa kuti adzakuyang'anani bwanji kumaso. Chakudya akungochitolatola. Pakhonde pa adona akungosesa, ndowa sakuikhudzanso.

Ndisabise, nthawi zina ndimakwiya nawo. Bola akananditukwana, kapena kundikwapula ndi chikolopa chomwecho, ndikanadziwa pogwira. Koma munthu ndamuchotsetsa ntchito ndi pogona, iye n'kumandipepesa ine. Ndikuchita manyazi, ndipo ndikuopa kuti maganizo amenewa awadwalitsa akafika kumeneko n'kukhala opanda chochita.

Pempho langa ndi limodzi. Za pogona ndikudziwa kuti simungadikire kuti ndikupempheni, mudzawakonzera chipinda chija cha kumapeto. Tsiku lofika ndiwauza achemwali pafoni kuti akawachingamire kudepoti. Chimene ndikupempha n'chakuti akadzakhala pansi n'kuyamba kukupepesani, poti adzayamba ndithu, inu musadzalandire kupepesako. Musadzandiikirenso kumbuyo monga mumachitira anthu akamandinena. Mudzawauze za mpando uja. Mudzawaonetse chitseko cha khola chija ndinachikhoma chopendekeka, ngati chikadalipo. Mudzawauze mosanyengerera kuti mwana wanu sanakhomepo msomali n'kulowa chowongoka, ndipo pakamwa pake pamathamanga kuposa manja. Ine akukana kundikhulupirira. Inu munandibereka, ndipo ndinu mlongo wawo. Inu akumverani.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu, amene ndikudziwa kuti sangakane kuchitira umboni za mpandowo. Moni kwa azakhali, kwa mng'ono wanga ndi ana onse. Chifuwachi ndipita nacho kuchipatala amalume akangokwera basi, musade nacho nkhawa. Jekete lija ndalipachika kuseri kwa chitseko. Sindinalivale.

Mutsale bwino, amayi, ndipo bondolo mulipumitse.

Ine mwana wanu,
Waphuma uja